Mwana wa Fomu 3 akufuna kukathandiza pa hadiweya nthawi ya holide, ndimulole?

Funso: Ndine mayi wa ana atatu, timakhala ku Area 25 ku Lilongwe. Wachiwiri ndi mtsikana wa zaka 16, ali Fomu 3 pa CDSS ina konkuno. Wabwera ndi nkhani yoti holide yaitali ikubwerayi akufuna azikathandiza pa hadiweya ya mayi ena amene timapemphera nawo tchalitchi chimodzi, ndipo mayiwo anavomera kale. Bambo ake akukana kwamtuwagalu, akuti akakazolowera ndalama sukulu aitaya, komanso pa hadiweya pamadzadza amuna. Ine ndili pakatikati, mtima wina ukuti apite, wina ukuti ayi. Ndithandizeni maganizo.

Yankho: Zikomo mayi. Ndiyambe ndi kunena pomwe ine ndaima kuti musachite kudikira mpaka kumapeto: mwanayo apite. Koma asapite mmene zakonzedweramu, zoti mwana wakambirana yekha ndi mayi a kutchalitchi panja pa tchalitchi, iwo nkuti "aa azibwera palibe vuto", basi nkhani yatha. Ayi. Zinthu zimasokonekera pamenepo. Ndipo bambo akunyumbawo musawaone ngati akungovuta, zinthu ziwiri zomwe akuopazo zonse ndinaziona ndi maso angawa zikuchitikira ana a eni, ndiye tizikamba bwinobwino.

Ine ndinagwira choko zaka zambiri ndikuphunzitsa Business Studies ku sekondale, kenako ndinayamba ntchito yoperekeza achinyamata kwa amisiri ndi eni mashopu kuti akaphunzire ntchito. Chomwe chinanditsegula mmaso ndi kamtsikana kena ka mkalasi mwanga, kanzeru zedi, tanthauzo la mpamba ndi phindu kamalakatula ngati ndime ya pamtima. Tsiku la masewera pasukulu tinakaika pa tebulo logulitsa mandasi ndi zakumwa. Munthu wagula za K370 wapereka K1,000, mwana anangoima njo, kuyang'ana ndalama, kuyang'ana munthu, kumbuyo mzere ukukula anthu ayamba kale kukuwa kuti "chenji changa iwe", mapeto ake anabweza ndalama yopitirira nkuyamba kulira. Masamu amenewo pa pepala akanawakhoza tulo tili mmaso. Chinamusowa si masamu, nkulimba mtima pamaso pa munthu wachilendo amene akufulumira. Chimenecho bolodi siliphunzitsa, ndinayesetsa ine, sizitheka.

Nde tiyeni tione kaye chomwe mwana wanuyo akapeze pa hadiweya, chifukwa mwa malo onse amene akanasankha, wasankha pabwino. Pa golosale katundu amadzigulitsa yekha, munthu akafuna sopo amatchula dzina la sopoyo. Pa hadiweya anthu ambiri amabwera asakudziwa dzina la chomwe akufuna. Wina abwera ndi kachitsulo kothyoka mmanja akuti "ndikufuna ngati aka", wina akuti "denga likudontha ndipangepo chani", wina watumidwa ndi mmisiri ndi kapepala kolembedwa moti nkosawerengeka. Wogulitsa ayenera kumvetsera, kufunsa, kuganiza. Sabata yoyamba mwana wanuyo adzabwera kunyumba mutu ukuwawa ndi maina okhaokha: misomali ya mainchesi 2, 3, 4 mpaka 6 yomwe imagulitsidwa pa sikelo, misomali ya malata yokhala ndi kachipewa, malata amayezedwa mmafiti osati mmamita, ndipo geji yake imayenda chobwerera, geji 28 ndi yochindikala kuposa geji 32, nambala ikamakwera lata likupyapyala. Zitsulo za Y10 ndi Y12 nambalayo ndi kunenepa kwa chitsulo mmamilimita. Penti yamadzi ndi penti yamafuta sizisungunulidwa ndi chinthu chimodzi. Zonsezi ndi masamu ndi sayansi yomwe ija akuloweza mkalasi, kungoti kuno ukalakwitsa palibe kuchonga ndi bolopeni yofiira, munthu amabwerera ali lunda ndi katundu wake paphewa. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, zimenezo anaziona mbuku nkuiwala, koma akadzapatsa munthu paipi yolakwika kamodzi kokha sadzaiwalanso moyo wake wonse.

Koma phunziro lalikulu pamenepo, lomwe ine ndimafuna mwana aliyense wa sekondale atalidziwa, ndi kusiyana kwa ndalama yomwe ili mu drowa ndi ndalama yako. Ana athu akaona shopu ikulowa anthu amati mwini wake ndi wolemera. Akakhala kuseri kwa kauntala milungu iwiri amayamba kuona kuti ndalama yonse ija ili kale ndi eni ake, ina ya kopikula katundu, ina ya lendi, ina ya mlonda, ina ya chiphaso cha kukhonsolo, ina ya msonkho, yotsala ya mwini shopu nkachepa ngati mchere wa mundiwo. Mukukumbuka Novembala 2023 pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti? Nthawi imeneyo eni mashopu ambiri analira osati chifukwa katundu samayenda, koma chifukwa amayenda kwambiri pa mtengo wakale. Tiyerekeze chonchi: wapikula loko pa K10,000, wagulitsa pa K12,000, ukusekerera kuti wapeza K2,000, mawa lake kupita kokapikula ukupeza loko yemweyo ali pa K14,000. Mthumba ndalama yachuluka koma pa shelefu maloko achepa, mpamba ukudyeka iwe ukuwomba mmanja. Wogulitsa wochenjera amaika mtengo poyang'ana komwe akapikule mawa, osati komwe anapikula dzulo. Ine izi ndimazifotokoza mkalasi mpaka kukhosi kuuma, ana kumangolemba. Mwana amene waona mayi a shopu akufufuta mitengo pa makatoni mmawa asanatsegule, ameneyo wazimva kale.

Ndiye pali buku langongole. Shopu iliyonse ya mdera lili nalo, kaya mwini wake anamata chipepala chija choti ngongole mawa. Mwana akaona momwe munthu waulemu wake, wovala bwino, amalonjezera kuti "pakutha pa mwezi" nkusowa miyezi itatu, kumazembera njira ina akamapita kokwera minibasi. Akaonanso mmisiri wosauka amene amabweza tsiku lomwe ananena ngakhale mvula ikugwa. Kudziwa anthu kumayambira pamenepo.

Palinso mayeso ena amene ndikufuna mumuuziretu asanapite, chifukwa adzakumana nawo ndithu, mwina sabata yoyamba yomwe. Abwera mmisiri amene watumidwa ndi mwini nyumba kudzagula katundu, agula za ndalama zakuti, kenako anong'ona kuti "pa lisitipo ulembe mtengo wokwererapo, yapamwambayo tigawana". Izi zimachitika tsiku ndi tsiku mmahadiweya ndipo ambiri saziona ngati kuba, amati nkuthandizana. Mwana wa zaka 16 amene sanauzidwepo kanthu amangoona kuti ndi mmene ntchito imayendera. Mukhale naye pansi mumuuze kuti dzanja lake lisalembe nambala yomwe si yoona, ndipo akapanikizidwa anene kuti "dikirani amayi abwere alembe okha". Ndipo inu mukaona kuti mwini shopuyo ndi amene amalimbikitsa zimenezi, kaya amaimba kwaya kaya amakhala mpando wakutsogolo kutchalitchi, mwana wanu asakhale pamenepo. Chimodzimodzi za ndalama za pafoni. Masiku ano makasitomala ambiri akuti "ndatumiza pa Airtel Money" kapena "pa Mpamba" nkukuonetsa uthenga pa foni yawo. Uthenga wa pa foni ya kasitomala si ndalama, akathyali amapanga mauthenga abodza ofanana ndendende. Katundu asatuluke mpaka mwini shopu aone pa foni yake kuti ndalama yalowadi.

Mlongo wanga amene amakhala ku England amandiuza kuti kumeneko masukulu ambiri amatumiza ana a zaka 14 kapena 15 kukakhala sabata imodzi pa malo antchito, sukulu ndi imene imalemba makalata, kuona ngati malowo ndi otetezeka, mphunzitsi nkukayendera mwanayo. Kwathu kuno sekondale ilibe dongosolo lotero, tili ndi phunziro la Life Skills koma limathera mkope. Ndiye ntchito yomwe kwa anzathu imagwiridwa ndi sukulu, kuno igwiridwa ndi inu makolo. Kalata ndinu, woyendera ndinu.

Za malamulo mwachidule, kuti bambo asamati mukuphwanya lamulo komanso kuti mayi a shopuwo adziwe malire. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14. Kuyambira 14 mpaka 18 akhoza kugwira, koma osati ntchito yomwe ingaononge thanzi lake, chitetezo chake, makhalidwe ake kapena kusokoneza sukulu yake, ndipo wolemba ntchito amayenera kusunga kaundula wa onse osafika zaka 18 amene akumugwirira ntchito. Mu 2012 boma linatulutsanso mndandanda wa ntchito zoopsa zoletsedwa kwa ana, muli za fodya, za mankhwala ophera tizilombo, malo omwera mowa, kunyamula katundu wolemera ndi zina. Ndipo chiyambire 2017 pomwe malamulo aakulu a dziko anasinthidwa, aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, kaya watalika kukuposani. Ndiye wanuyo kuima pa kauntala, kulemba malisiti, kuwerenga sitoko, kuyeza misomali, palibe mlandu. Koma thumba la simenti ndi makilo 50, limenelo asalikhudze, ngakhale anyamata onyamula atachepa tsiku limenelo. Kutsitsa malata mu lole ayi, amacheka ngati lezala. Kuthira tinala kapena mankhwala a chiswe mmabotolo ang'onoang'ono mchipinda chopanda mawindo ayi.

Tsopano chomwe ndikuti chikonzedwe. Mupite nokha kukaonana ndi mayiwo, ku shopu konko osati kutchalitchi, ndipo mukakhaleko ka ola ndithu mukucheza uku mukuyang'ana. Mmene amayankhulira ndi antchito awo ndi mmene adzayankhulire ndi mwana wanu ulemu wa masiku oyamba ukadzatha. Kodi amakhalapo pa shopupo kapena amangobwera madzulo kudzatenga ndalama? Limeneli ndi funso lalikulu kuposa onse. Ine pa ntchito yanga ndinaphunzira kuti sitimufunira mwana ntchito, timamufunira munthu. Mwini shopu wabwino amene sakhalapo ndi chimodzimodzi palibe, mwana adzakhala mmanja mwa anyamata a pashopu, ndipo iwowo simunapangane nawo chilichonse. Ndinaperekezapo mnyamata wina kwa mmisiri wa mbiri yabwino, miyezi iwiri yonse mwana anathera kusesa, kugula chipisi cha anyamata ndi kulondera shedi, bwana ali kumasaiti. Analakwa ndine, ndinakhulupirira dzina osapita kukaona.

Mukakambirane zinthu zenizeni, ndipo musachite manyazi kuzilemba pa pepala ngakhale ndi a mpingo umodzi, makamaka chifukwa ndi a mpingo umodzi, poti zikadzavuta mudzakumanabe Lamulungu lililonse. Tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza zidziwike, ndipo lomaliza likhale sabata yathunthu sukulu isanatsegulire. Masiku atatu kapena anayi pa sabata akwana, osati Lolemba mpaka Loweruka mmawa mpaka mdima ngati wantchito weniweni. Aziweruka dzuwa likadalipo. Muwafunse mayiwo kuti pa milungu imeneyi mwanayu mumuphunzitsa chani, ndipo muwathandize kuganiza: mwina sabata yoyamba maina a katundu ndi mitengo, kenako malisiti ndi chenji iwo ali pambali, kenako kuwerenga sitoko ndi kulemba zomwe zatha, ndipo ngati nkotheka tsiku limodzi amutenge popita kukapikula katundu mtauni kuti akaone kunenerera kwa akuluakulu. Anthu ambiri a bizinesi amakondwa ukawafunsa chonchi, palibe anawauzapo kuti zomwe amadziwa ndi maphunziro.

Nkhani ya shoteji musaisiye mmalere. Pa shopu ndalama zimasowa, katundu amasowa, ndipo pakabwera munthu watsopano aliyense amene ankaba kale amapeza pobisalira. Ndaonapo ubale wa zaka makumi awiri ukutha chifukwa cha ndalama yosakwana kugula nkhuku. Mugwirizane kuti mwana sasiyidwa yekha ndi drowa, ndipo ngati wagwira ndalama tsiku limenelo aziwerengera limodzi asanaweruke, osati mawa lake kumuuza kuti dzulo zinaperewera. Makiyi a shopu asasunge. PIN ya foni ya shopu asaidziwe. Si kuti mwana wanu ndi wakuba, nkumutchinjiriza kuti tsiku la tsoka chala chisaloze iye.

Tibwere pa mantha oyamba a bambo, a ndalama. Ali ndi mfundo. Ndinali ndi mnyamata Fomu 3 amene holide ina anayamba kuthandiza msuweni wake pa kabenchi ka ndalama za pafoni, tsiku lililonse amapita kunyumba ndi kenakake mthumba. Sukulu itatsegulira anayamba kujomba Lachisanu, kenako masiku a malipiro a mwezi poti mpamene pamakhala anthu, teremu yachiwiri sitinamuonenso. Koma nditapita kwawo kukafufuza ndinapeza kuti nkhani sinali ya mwana yekha. Mayi ake anali atayamba kumuuza kuti "lero ndiwo ugule ndiwe", mayunitsi a magetsi akatha amayang'ana iye, mngono wake akafuna kope amapita kwa iye. Mwana anasanduka bambo wa pakhomo asanamere ndevu, nde abwerera bwanji kukakhala pa desiki osalowetsa kanthu pomwe nyumba yonse yazolowera? Ndikunena izi mosapsatira mayi, nthawi zambiri amene amazolowera ndalama ya mwana ndife makolo. Zinthu zavuta mdziko muno ndikudziwa, koma ngati mwamulola kuti akaphunzire, bajeti ya pakhomo isamuwerengere ngakhale tambala.

Si kuti agwire ulele ayi. Thukuta la munthu lili ndi mtengo ndipo mwana adziwe zimenezo akadali wamng'ono, makamaka mtsikana, asakule ndi mtima woti kugwira ntchito osalipidwa ndiye ulemu. Chakudya chamasana ndi thiransipoti ngati ndi kutali zikhale za shopu. Yapamwambayo mugwirizane kuchuluka kwake poyambirira, ndipo ine ndimalangiza kuti isamaperekedwe tsiku ndi tsiku mmanja. Ndalama ya tsiku ndi tsiku ndi imene imalowa mmagazi, imathera ma bandulo, chipisi ndi tsitsi, ndipo imaphunzitsa mwana kuti ndalama imabwera madzulo aliwonse. Alandire pakutha pa nyengo yonse, kamodzi, ndipo asanayambe nkomwe ntchito alembe yekha chomwe adzagule: kaya nsapato za sukulu, kaya kalikuleta, kaya mabuku a Fomu 4, kagawo kena kakhale kake koti adye mmene akufunira osafunsidwa. Kudikira milungu isanu kuti ulandire, limenelonso ndi phunziro, ena a ife tinaliphunzira titakula kale ndi ngongole za katapila.

Ndipo chodabwitsa chomwe ndaona kwa ana ambiri nchakuti ntchito ya holide imawabwezera ku sukulu ndi njala. Kuima tsiku lonse miyendo kutupa, kutukwanidwa ndi kasitomala pa cholakwa chomwe si chako nkumwetulirabe, kuona mnyamata wonyamula simenti amene anasiyira Fomu 2 akulandira zochepa pa ntchito yothyola msana, uku injiniya akubwera ndi pepala lake nkungoloza. Mwana amaziona yekha popanda ulaliki wanu. Amene amatayika ndi amene ntchito ilibe tsiku lothera, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Mantha achiwiri, a amuna. Apa sindikunyengererani, pa hadiweya pamabweradi amuna ambiri, amisiri, madalaivala, eni mapuloti okhala ndi ndalama mthumba, ndipo ena mwa iwo akaona kamtsikana kuseri kwa kauntala amaiwala zomwe anabwerera. Adzamupempha nambala, adzamusiyira chenji dala kuti "ugule Fanta", adzamutcha mkazi wanga moseka. Koma tinene zoona, amuna omwewo aliponso pa depoti, pa msika wa Nsungwi, pa njira ya kusukulu ndi mu foni yake. Kumutsekera mnyumba holide yonse sikumuphunzitsa kuyankha, kumangochedwetsa tsiku. Kusiyana kwake nkoti pa shopu pali munthu wamkulu amene mwapangana naye kuti akhale maso. Ndiye malamulo akhale omveka kwa onse atatu, inu, mwana ndi mayi a shopu. Nambala yake sapereka kwa kasitomala, wofuna kufunsa mitengo aimbe ya shopu. Satumidwa kukasiya katundu ku saiti kapena kunyumba kwa munthu, sakwera galimoto ya kasitomala ngakhale akulowera komweko. Salowa mu sitolo ya kuseri ndi mwamuna ali awiri, kaya ndi wantchito mnzake, kaya ndi mwamuna wa mayi a shopuwo, kaya mwana wawo. Ndatchula dala amenewa chifukwa pa milandu yomwe ndinakumana nayo, wovuta kawirikawiri sanali mlendo wodutsa, anali wa pakhomo pomwepo amene aliyense amamukhulupirira. Mphatso iliyonse yomwe wapatsidwa aionetse kwa mayiwo ndi kwa inu tsiku lomwelo.

Chachikulu, mwana adziwe kuti akakuuzani kuti wina wamuyankhula zopusa kapena wamugwira, simudzamukalipira iyeyo, simudzayamba ndi "nanga iwe unavala chani" kapena "bambo ako ananena". Ana ambiri amabisa chifukwa akuopa kuti akanena ntchito ithera pomwepo ndipo mlandu ukhala wawo. Muuzeniretu mawu oti aziyankha, ayeserere pakhomo pano mokweza mpaka azitha kuwanena osaseka: "Pepani bambo, ndine mwana wa sukulu, mukufuna katundu uti?" Zikafika poipa pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, komanso kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Za malipiro kapena kagwiritsidwe ntchito kosayenera, ofesi ya zantchito ya pa boma ndi imene imamva madandaulo. Sindikuti zidzafika pamenepo, koma mwana akadziwa kuti makolo ake akudziwa kolowera amayenda mosiyana, ndipo anthu oipa amanunkhiza mwana amene ali ndi eni ake.

Musaiwale kuti akulowa Fomu 4. Chaka chimenecho nchachifupi, akatsegulira mu Seputembala kuphethira kamodzi mayeso a MANEB afika. Nchifukwa chake ndati masiku atatu kapena anayi, otsalawo agwire mabuku, ndipo sukulu ikatsegulira ntchito iime, zoti "Loweruka lokha" muzikane chaka chimenechi, mapanga awiri avumbwitsa. Nthawi yeniyeni yogwira ntchito mokwanira ikubwera akadzalemba MSCE. Pamenepo pamakhala miyezi yambirimbiri mwana ali pakhomo, kudikira zotsatira, kenako kudikira masankho a ku yunivesite kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ndipo tonse tikudziwa kuti malo ku UNIMA, MUBAS, LUANAR, KUHeS, MZUNI ndi MUST sakwanira onse amene akhoza bwino. Miyezi imeneyo ndi imene imationongera ana ambiri, mimba ndi mowa zimalowera pa kusowa chochita. Mwana amene anadziwika kale pa shopu ina ali Fomu 3 amakhala ndi pobwerera. Ndipo ena mpomwe amadziwira chomwe akufuna, ndikudziwa atsikana amene atagwira mawaya ndi masoketi pa kauntala anayamba kufunsa kuti kodi zamagetsi amaphunzira kuti, nkukathera ku makoleji a ntchito zamanja ngati Lilongwe Technical, Namitete, Salima kapena Soche kudzera ku TEVETA, bungwe lomwe lakhalapo kuyambira 1999. Ena amatulukako atatsimikiza kuti za bizinesi si zawo, zimenezonso ndi phindu, bola wadziwira pa holide osati atadya kale fizi ya zaka ziwiri.

Kanthu kena kakang'ono komwe anthu amakanyozera: pomaliza mayi a shopuwo amulembere kalata. Mizere isanu yokha, yoti mwanayu anathandiza pano kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti, amagwira zakutizakuti, amasunga nthawi, ndi wokhulupirika, asaine ndi kudinda chidindo cha shopu ngati chilipo. Ana athu akamaliza sukulu kulikonse akufunsidwa kuti unagwirapo kuti, pomwe palibe anawapatsapo mpata. Kapepala kameneko mukasunge pamodzi ndi masatifiketi.

Mumugulirenso kakope ka masamba ochepa. Madzulo aliwonse alembe zinthu zitatu, chatsopano chomwe waphunzira, chomwe walakwitsa, ndi chomwe sanamvetse kuti mawa akafunse, paja safunsa anadya phula. Inuyo musamamufunse kuti "zinali bwanji", ayankha kuti "bwino" basi nkulowa kuchipinda. Mufunseni kuti lero chinayenda kwambiri nchani, kasitomala wovuta anali ndani, thumba la laimu likupanga zingati. Pa mayankho amenewo mpomwe mudzamvere ngati akuphunzira kapena akungosesa, komanso ngati pali china chikumudya. Mwana amene sabata yoyamba amalongolola za kushopu mpaka kukutopetsani kenako mwadzidzidzi wangoti zii, kapena wayamba kudwaladwala mmawa wa tsiku lantchito, kapena ali ndi zinthu zomwe ndalama yake singagule, kapena foni wayamba kuyankhira kuseri kwa nyumba, musadikire tsiku lomaliza lija. Mutulutseni kaye, mafunso pambuyo, ndipo zoti mayi a kutchalitchi akhumudwa zisakugwireni mwendo.

Za bambo, musawagonjetse pa mtsutso, simupindula kanthu, mwana akadzangopunthwa pang'ono mudzamva "ndinanena ine" mpaka kukalamba. Apatseni udindo. Auzeni kuti mantha awo mwawamva ndipo mukufuna iwowo ndi amene akaone malowo ndi kuika malamulo. Mupite nonse awiri kwa mayi a shopu, pepala lija alembe ndi iwo, tsiku lothera asankhe ndi iwo. Masiku ena azidutsa pa shopupo osanena, agule kaya ndi misomali ya K500, anyamata a pamenepo ndi makasitomala aone nkhope yawo adziwe kuti mtsikanayu bambo ake ndi awa. Ngati atapita, kuona, nkunenabe kuti pamalopo sipanawasangalatse, amvereni, mwina aona chomwe inu simunaone poti mayiwo ndi anzanu. Zikatero musamuuze mwana kuti basi zalephereka, mufunireni pena, kaya pa shopu ya mabuku ndi fotokope, kaya kwa telala, kaya pa famase ya munthu amene mukumudziwa, mfundo zake ndi zomwezi. Holide isanafike mwatsala ndi nthawi, yambani ndi ulendo wa ku shopu uja sabata ino, ndipo mukapite tsiku lotanganidwa ngati Loweruka mmawa kuti mukaone mmene pamakhalira anthu akadzadza.